Tambala wa Eni Pulogalamu Yaulere

Inu amene mukupotoza milomo pabenchipo, potozani bwinobwino, chifukwa magetsi sabwera msanga ndipo mapepala anuwo sindijambula mpaka abwere. Mwafunsa nokha kuti tambala wagona pakhomo la shopuyu ngwa chiyani. Kafunseni aliyense pamsika uno wa Mitundu, kafunseni mayi ogulitsa tomato awo, akuuzani kuti ine Kamzimbi sindinanamepo chibadwire, ngakhale tsiku limene ndinkafunsira mbeta. Ndiye khalani chete mumve mmene ndinakokera pulogalamu ya kompyuta ndi chingwe cha ng'ombe.

Ine ndinakhala tenanti pa esiteti ya fodya mpaka msana kupindika, ndipo nditatopa kulima munda wa eni, ndinagula kompyuta yakale iyi kwa kalaliki wina wopuma ntchito wa ku Likuni, n'kutsegula kabizinesi kotaipa ndi kujambula mapepala. Khonde lino ndinachita kubwerekedwa ndi apongozi anga aNaphiri, mayi a mkazi wanga, poti ine kuno ndine mkamwini. Apongozi ndi ine sitiyang'anana kumaso. Akafuna kundiuza mawu amaima kuseri kwa khoma ilo, ine n'kugwada mbali ino, mawu n'kumadutsa m'njerwa.

Tsiku lina khoma lija linayankhula.

"Akamwini, ukwati wa mlamu wanu Esinta wayandikira. Makadi oitanira anthu atuluke Loweruka lisanafike. Akapanda kutuluka, khondeli ndipereka kwa wokazinga tchipisi uja, wandipempha kalekale."

"Ndamva, amayi," ndinayankha motero ndikuwomba m'manja.

M'mawa mwake ndayatsa kompyuta, ndatsegula pulogalamu yolembera imene ndakhala nayo zaka zonsezi, ndikuti ndiyambe ndi dzina la mkwatibwi, ndinangoona kamzere kofiira katayala pamwamba kakuti nthawi yanu yatha, lipirani. Ndinadina batani ili, zii. Ndinadina lina, zii. Nditafunsa anzanga otaipa, anandiuza kuti masiku ano pulogalamu sagulitsa, amabwereketsa, mwezi ukatha uwonjezere, ndipo ndalama yake ndi yakunja, yomwe imakwera iwe uli m'tulo. Mtima unandiwawa, ndikuuzani zoona. Njinga yanga ndinagula kamodzi, ndipo sinayambe yandidzutsa mwezi utatha kuti ndiigulenso. Ndinathawa utenanti kumunda, lero utenanti wanditsatira mpaka m'bokosi la patebulo.

Koma ine ndinaleredwa bwino. Kwathu ukasemphana ndi mwini chinthu, umagwira nkhuku n'kukapepesa. Ndinagwira tambala, uyu yemweyu, nthawi imeneyo ali wamng'ono ngati chibakera, ndinamuika patsogolo pa kompyuta, ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinafotokoza za ukwati, za apongozi, za wa tchipisi, mpaka anthu opita kuchipatala anaima n'kumapukuta misozi, koma kompyuta inangomuyang'ana tambalayo n'kulembanso kuti lipirani. Pamenepo ndiye ndinapsa mtima. Ndinamenya kiyibodi ndi chikhatho kamodzi kokha, zilembo zonse n'kuuluka ngati ngumbi, zina kugwera m'madengu a tomato, zina kudutsa pamwamba pa msika wonse mpaka kukamatirira pabolodi la sukulu ina ku Diamphwe, moti ana amene anali asanadziwe kugwira pensulo anaweruka tsikulo akuwerenga nyuzi. Mukumva? Ndinazitolera ndi lichero n'kuzibwezera m'malo mwake, koma chimodzi aphunzitsi akumeneko anakana kubweza. N'chifukwa chake batani la pakona apa ndi chitsekero cha botolo, dzaoneni nokha.

Ndili pakati potolera, anafika aNachisale, aphunzitsi a ku Nathenje, amene amajambulitsa mayeso a ana awo kwa ine.

"Bambo Kamzimbi, mukulimbana ndi chiyani? Ilipotu pulogalamu ina, yaulere. Imalemba, imawerengera, imatsegula ngakhale zolemba zanu zakalezo. Bweretsani kompyutayi kwathu, netiweki imagwira bwino, tikaiike."

Iwo anapita kukakwera minibasi yodzera m'tauni. Ine ndinamanga kompyuta pakaliyala wa njinga, tambala pahandulo, n'kulowa njira yachidule, ndipo inali nthawi ya dzinja, matope mpaka m'mawondo, koma ndinapalasa mwakuti matope ankauma ndisanawaponde, tcheni chinafiira ngati makala, mayi wina anathamanga pambali panga n'kuotcherapo chimanga, phiri la Bunda ndinalidutsa lisanandione, mtsinje wodzaza ndinauwoloka pamwamba pa madzi matayala osanyowa, ndipo chithunzithunzi changa chomwe chinatsala m'mbuyo, chinandipeza pa Nathenje chili wefuwefu n'kundipempha madzi akumwa. Nthawi imeneyo aNachisale anali akadali pa Mitundu, kondakitala akuitanirabe anthu. Poti ine sindikhala manja lende, ndinawapalilira munda wonse wa kuseri kwa nyumba, ndi wa aneba awo womwe.

Atafika, analumikiza foni yawo ku kompyuta, kamzere kobiriwira n'kuyamba kuyenda, kusonyeza kuti pulogalamu yanyamuka kwawo. Kanayenda, kanayenda, kufika pakati, njo. Tinadikira, aNachisale anaphika tiyi, tinamwa, kamzere kali pomwepo. Dzuwa linayamba kupendeka, ndipo m'mphuno mwanga ndinayamba kumva fungo la mafuta a tchipisi likuchokera pakhonde langa. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaika khutu pafoni ija, n'kumva chinthu chikubuula chapatali, ndipo ine amene ndakhala ndikuzula ngolo za fodya m'madambo ndinadziwa pompo kuti pulogalamu yatitimira m'matope panjira.

Ndinabwereka chingwe cha ng'ombe kwa mwini ngolo wina, ndinakwera nsanja ya netiweki imene ili pafupi ndi msewu wa tala, ndinamanga pamwamba penipeni pomwe mawu amalowera, ndinatsika, ndinalavulira m'manja, n'kuyamba kukoka. Kukoka koyamba kunabwera mauthenga a anthu amene anasochera chaka chatha, n'kugwa mbwee pamsewu, akazi n'kumatola a amuna awo, maukwati ena n'kukonzeka pomwepo, ena n'kugwedezeka. Kukoka kwachiwiri kunabwera nyimbo ya kwaya yathunthu, mawu onse anayi, n'kukakola mumtengo wa mango, mpaka lero mtengo umenewo umaimba mphepo ikamawomba. Pokoka komaliza ndinaponda pansi mpaka mapazi kulowa m'dothi, nsanja inawerama ngati nsungwi, minibasi zonse za pamsewu zinabwerera chammbuyo, kenako ndinangomva phwaa, gubudu, pulogalamu yalowa m'kompyuta, matope ali thothotho pagalasi. Mukumva kodi? Pitani mukaione nsanjayo, yapendekera ku Mitundu. Mukaipeza yowongoka, ndiye kuti abwera okonza.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Yakale ija sinafune kutuluka. M'bokosimo munabuka ndewu ngati ya agalu otsekeredwa m'thumba limodzi, kompyuta kumadumpha patebulo, utsi kumatuluka kumbuyo, yakale ikukuwa kuti lipirani, lipirani, yatsopano osayankha, ikungomenya. Ine ndinagwira bokosi ndi manja awiri, tambala akuchemerera ali pampando. Pomaliza yakale ija inatulukira pakabowo ka mphepo, yaing'ono ngati mbewa, n'kuthawa kulowera m'tauni kumene kuli anthu amalipiro apamwezi.

Kubwerera kwake sindikuuzani, mungati ndikuwonjeza. Dziwani chabe kuti chithunzithunzi changa chinakana kupalasa nane, chinakwera minibasi. Nditafika pakhonde pano ndinapeza wa tchipisi akupima khoma ndi mapazi kuti aone poika chiwaya. Ine ndinangokhala pansi, kuika zala pakiyibodi, ndipo pulogalamu yaulere ija inalemba mofulumira mwakuti mayina ankatuluka ndisanawaganize, makina osindikizira atamaliza mapepala anga anayamba kukoka a m'mashopu oyandikana nawo, makadi ankatuluka akuuluka n'kumakalowa okha pansi pa zitseko za oitanidwa, ndipo lina linakapeza amalume a mkwati amene anasowa kumaesiteti kalekale, n'kuwabweretsa atavala jekete. Wa tchipisi ananyamula chiwaya chake mwakachetechete. Paukwati wa Esinta panabwera anthu mwakuti ofika mochedwa anavinira ku Nathenje, ng'oma akuimvera pafoni.

Ukwati utatha, khoma linayankhulanso.

"Akamwini, khondeli ndi lanu. Musadzamvenso za tchipisi."

Kenako apongozi anaseka, koyamba chikwatire ine mwana wawo, ndipo khoma silinazolowere zimenezo, linang'aluka. Mng'alu wake ndi uwo mukuuonawo. Tsiku limenelo ndinasangalala ngati mwana, ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani ya tambala. Munthu akakupatsa chinthu chaulere, sungangotembenuka n'kumapita ngati galu wapatsidwa fupa. Ndinaima pakhonde pano, anthu akumva, n'kunena kuti tambala uyu ngwa eni pulogalamu yaulere. Ndinamunyamula mpaka kwa aNachisale kuti andilozere kwawo kwa anthuwo.

"Bambo Kamzimbi, ilibetu mwini mmodzi," anatero akuseka. "Amailemba anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, aliyense kachigawo kake, n'kuipereka kwa aliyense woifuna. Kadyeni tambala wanu."

Aphunzitsi ndi anthu abwino, koma zina sazidziwa. Nkhuku imene waitchulira kale mwini wake pagulu sungaidye, kumeneko ndi kuba. Kuigulitsa ndiye kuba kwenikweni. Choncho ndikuwasungira eni akewo mpaka tsiku limene adzatulukire, ndipo poti ndi ambiri, ndiyenera kumunenepetsa kuti adzakwane onse. Muoneni mmene wakuliramo. Usinkhu wafika m'chiuno mwanga, akalira malata a msika amanjenjemera, ndipo thumba la chimanga amalimaliza mwezi usanathe bwino. Ndikachedwa kugula lina, amakwera patebulo n'kukhalira kiyibodi, ndipo palibe chilembo chimene chimatuluka mpaka chimanga chifike.

Mkazi wanga, amene anatengera pakamwa pa mayi ake, akuti chimanga chimene tambalayu wadya chikanalipira pulogalamu yakale ija, yanga ndi ya aneba yomwe. Iye zakezo. Ine Kamzimbi sindilipira munthu pamwezi, utenanti ndinausiya, pulogalamu yanga ndi yaulere, ndipo amene akuti ndanama adzuke amunyamule tambalayo ndi dzanja limodzi tione. Palibe? Chabwino. Magetsi aja abwera, koma monga mukuonera, mkuluyu wakwera kale patebulo, poti mwezi unatha dzulo. Amene wabwera ndi chimanga m'thumba ndiye ayambe kujambulitsa.