A Quirino ndi Miyala ya pa Khona la Njala

A Quirino Barbosa sankagulitsa mwala asanakuuze amene anaferapo. Pa chilumba chonse cha Fogo panalibe wamalonda wina woopseza makasitomala ake ngati iwo. Boma litayamba kuzula miyala yakuda ya m'misewu yathu kuti lithire phula, iwo ankaitola pabulu n'kumaiunjika kuseri kwa shopu yanga. Ogula anali abale athu obwerera kuchokera ku Amereka, omwe ankamanga zinyumba m'minda ya khofi ndipo ankafuna kuti njira ya galimoto yolowera pakhomo ioneke ngati ya makolo.

"Uwu ndiye wokongola," wogula ankatero.

"Eya, wasalala. Panagwera wansembe wina atatsakamuka pahatchi. Sanadzukenso."

"Nanga uwu?"

"Uwo musaudere nkhawa, sunaphepo munthu. Ukudikira."

Ndinawadzudzulapo kuti, "Achimwene, muthawitsa anthu ndi pakamwa panupa."

"Mlongo, simuwadziwa a ku Amereka. Ukawaopseza amatenga ngolo ziwiri."

Ngakhale pachisangalalo sankapuma. Pa ukwati wa mdzukulu wanga anayang'ana pansi n'kunong'oneza mkwati kuti mwala umene wapondawo unachokera pakhomo pa mayi amene anaika m'manda amuna ake atatu. Mkwatiyo anajambulitsa zithunzi zonse ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa.

Koma unalipo mulu umodzi umene sankauseka. Anaufunditsa ziguduli ndipo sankalola ngakhale nkhuku kukwerapo. Inali miyala ya pa Khona la Njala, pomwe msewu wakale umakhota pamwamba pa phompho. Chaka cha njala yaikulu anthu ankayala msewuwo kuti apatsidwe chimanga, ndipo amene wagwa ankamukwirira pambali pomwepo, ntchito n'kupitirira. Bambo awo a Quirino anali mmodzi mwa ogwawo.

Ndiye kunabwera mayi Eulália Pires, amene anakhala kunja zaka zambiri, atavala magalasi akuda ngati maso a chiwala. Anavundukula ziguduli okha.

"Ndikufuna iyi."

"Iyo ayi, mayi. Iyo imadziwa njira imodzi yokha, yotsika."

"Bambo, ine ndinakhala kumene kumagwa chipale chofewa, sindiopa mwala."

Lamlungu a Quirino ali ku misa, mayiwo anatumiza lole, mwana wa a Quirino wokonda kachasu n'kuvomera. Pofika Loweruka miyala inali itayalidwa kuyambira pageti mpaka pakhonde. A Quirino sanakalipe. Anapita kukaima pagetipo, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Mwafika kutali, bambo." Atatero anabwerera.

Galu wa mayi Eulália ndiye anayamba. Anakana kuponda njirayo, ankazungulira m'khofi akulira. Kenako, dzuwa lili paliwombo, galimoto yawo yatsopano inanyamuka yokha mulibe munthu, inatsika njira yonse, inathyola geti, n'kukaima mphuno itagunda mpanda wa manda. Ena amati m'mawa wa tsikulo anaona bulu wa a Quirino atamangidwa chapafupi, ndipo wantchito wina analumbira kuti miyalayo inkanunkha tsabola. Ine sindikudziwa. Chomwe ndinaona ndi mayi Eulália akulowa m'shopu mwanga opanda magalasi.

"Bambo Quirino, kachotseni."

"Mwatopa nayo kale? Inali isanayambe n'komwe."

"Chonde, mawa kukubwera zidzukulu zanga."

Apo a Quirino anasiya nthabwala. Ananyamuka tsiku lomwelo ndi chitsulo chawo chozulira. Lole anaikana, anthu owathandiza anawakana. Ankasenzetsa bulu pang'onopang'ono, kukwera mpaka pa Khona la Njala, n'kumayala miyalayo m'mbali mwa phula, pamwamba pa ogonawo. Mwezi unatha akukwera ndi kutsika. Anaonda mpaka lamba ankamuboola mabowo atsopano.

Tsiku lina anaima pashopu kuti amwe madzi.

"Achimwene, pumulani. Miyala sithawa."

"Yatsala ya ulendo umodzi, mlongo. Koma ikulemera mwachilendo, ngati ikundikoka malaya."

Ndinaseka, poti ndinazolowera kuti zonena zawo n'zoseketsa. Iwo sanaseke.

Madzulo asanafike bulu anatsika yekha, matumba ali opanda kanthu. Tinakwera ndi anthu angapo ndipo tinawapeza atagwada, nyundo ili m'manja, mutu utatsamira pamwala womaliza. Unali utalowa bwino m'malo mwake. Mayi Eulália ndi amene anabweretsa maluwa ochuluka pamaliro, koma pobwerera anayenda pakati penipeni pa phula, osayang'ana kumbali.

Kuseri kwa shopu kwamera udzu tsopano. Obwera ku Amereka amaitanitsa miyala yodula ndi makina, yofanana ngati sopo, ndipo palibe amene amawauza kanthu. Pa khona paja madalaivala amachepetsa liwiro, ena amazimitsa wailesi, ngakhale amene sanawadziwe a Quirino. Kale galimoto ikamabwera kumudzi kuno tinkaimvera kutali ikugogoda pamiyala, n'kukhala ndi nthawi yodzifunsa kuti yanyamula uthenga wanji. Phulali lilibe mawu. Umangoona chinthu chaima kale pakhomo pako.