Nsalu Imene Ndinasankha Ng'ala Isanachoke

Mpaka lero pali azimayi ena kuno ku Area 47 amene ndikakumana nawo ndimangowapatsa moni wapakamwa, dzanja ayi. Akudziwa okha mlandu wawo. Anandiona ndikulunjika kudzenje dzuwa likuswa mtengo, onse n'kungoti pakamwa tseke, ati ulemu.

Nkhani yake ndi ya maso. Kwa zaka ziwiri ndinkaona ngati ndili m'khitchini yofuka utsi wa nkhuni zaziwisi. Mwana wanga Thoko ankati, "Amayi, imeneyo ndi ng'ala, tiyeni kuchipatala." Ine ndinkamuzazira. Ndaphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu, wobera mayeso ndinkamugwira ali pakona penipeni pa kalasi, lero wina adzandiuze kuti sindiona? (Zoona zake ndinkaopa. Ndinamva kuti diso amalikolowola, n'kuliika m'mbale, n'kumalitsuka iwe uli pompo.)

Kenako Thoko anapeza mwamuna, mwana wa anthu akumpoto okhala ku Area 43, tsiku la chinkhoswe n'kuikidwa. Nsalu ya akuchikazi, ija timasoketsa tonse yofanana, ndinati ndikasankha ndine. Mng'ono wanga Esnati anafuna kundiperekeza, ndinamuuza kuti si ine mwana. Ndinazungulira m'masitolo a amwenye ku Old Town osakhutira, mpaka ndinatsikira kumsika wa Tsoka. Kumeneko bambo wina anali ndi mipukutu ya nsalu yobiriwira ya maluwa abulawuni, duwa lililonse tinjuchi tikuuluka pamwamba pake. M'mphepete munali zolemba, koma ndinatha kuwerenga mawu amodzi okha akuluakulu: BANJA. Mtima unangoti myaa.

"Mayi, mwaiona bwinobwino nsaluyi?" anafunsa wogulitsa uja.

"Ukundiyesa wakhungu?"

"Ayi mayi, kungoti... mwati ndi ya chinkhoswe?"

"Kodi ukugulitsa nsalu kapena mafunso? Manga yonse."

Kunyumba ndinaiyala pampando. Thoko anaiyang'ana, n'kulowa kubafa, kumene anakhalako nthawi yokwanira kuchapa bulangete. Esnati anatsokomola kawiri n'kuti, "Ndi yachilendotu, achemwali." Azimayi makumi anayi anabwera kudzatenga zidutswa zawo, aliyense n'kugwada bwinobwino, "Zikomo amayi a Thoko, yoteroyi sitinaionepo." Ine ndinkangodzimva. Ngakhale telala wanga anandiimbira kawiri kufunsa ngati adule ndithu, ndinamuuza kuti akatopa ndi ntchito anene.

Chimene chinandigonjetsa pa za chipatala ndi chimodzi: ndinkafuna kudzaona nkhope ya mwana wanga pa tsiku lake, osati chithunzithunzi. Ndinakalembetsa, anati ayamba ndi diso limodzi, ndipo tsiku linandigwera Lachinayi, chinkhoswe chili Loweruka.

Amene mukuopa, mverani kuno. Palibe mbale. Diso silichoka pamalo pake. Anandithira mankhwala mpaka diso linachita dzanzi, anandigoneka chagada, n'kundifunditsa nsalu kumaso kusiya kabowo. Sanandigonetse tulo. Ndinkaona kuwala kokhakokha, ndikumva timadzi tozizira ndi dokotala akufunsa nesi ngati kwawo mvula yayamba. (Zimenezi zinandinyansa. Ine ndikupemphera chamumtima kutsanzikana ndi dziko, iwo ali pa nkhani ya mvula!) Ndisanamalize n'komwe kupereka ana anga m'manja mwa Mulungu, dokotala anati, "Tamaliza mayi. Tachotsa choyera chija, taikamo kagalasi katsopano." Anandimata bandeji, ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Lachisanu m'mawa anamatula. Abale inu! Dziko lonse lochapidwa. Ndinaona mabatani a nesi, masamba a mtengo pawindo limodzilimodzi, ndi makwinya a manja anga amene sindinawaitane. Dokotala anandipatsa malamulo: mankhwala odontheza m'diso pa nthawi yake, osawerama, osanyamula zolemera, osayandikira utsi kapena fumbi, madzi asalowe, ndipo zivute zitani osalitikita. Ndinavomera zonse ndikumwetulira, magalasi akuda ali kumaso.

Nditafika kunyumba ndinalunjika kuchipinda. Diresi langa linali pachitseko, lositidwa, likudikira mawa. Ndinavula magalasi aja kuti ndisirire maluwa anga.

Sanali maluwa. Zinali zimbudzi. Zimbudzi zokumba, zofolera ndi udzu, chilichonse ndi kachitseko kake, pambali pake kachigubu kosambira m'manja. Tinjuchi tija zinali ntchentche, iliyonse yokhwatchidwa ndi mzere wofiira. M'mphepete munalembedwa kuti BANJA LAUKHONDO LIMAKUMBA CHIMBUDZI. Inali nsalu yotsala pa kampeni ina ya zaukhondo. Ndinawerenga zimbudzi khumi ndi zinayi pa diresi langa lokha, chachikulu kwambiri telala atachikhazika kumbuyo, pokhalira penipeni.

"Esnati!"

Anabwera akupukuta manja. Atandiona ndaima pamaso pa diresi, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi nsalu ija, achemwali."

"Ndikudziwa kuti ndi nsalu! Iwe unkaona zimenezi?"

"Tinkaona tonse."

"Nonse! Azimayi makumi anayi, maso makumi asanu ndi atatu, osapezeka ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa?"

"Akanayamba ndani? Inu ndi akulu. Tinkati mwina pali chimene mukufuna kutiphunzitsa."

Ndinakalipa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Ndinati tisinthe nsalu. Esnati anandikumbutsa kuti mawa ndi mawa, ena abwera kale kuchokera ku Dedza ndi madiresi awo m'zikwama, ndipo malaya a mkamwini anasokedwa pa nsalu yomweyo. Misozi inayamba kutsika, koma kupukuta ndinali nditaletsedwa, ndiye ndinangoima chilili ikuyenderera mpaka m'khosi.

Loweruka tinakasonkhana pa kapinga wina wokongola ku Area 43. Akuchimuna anavala nsalu yofiirira ya timizere tagolide, yaulemu wake. Ife tinalowa pamzere tikuimba, mudzi wathunthu wa zimbudzi ukuyenda. Ndipo diso langa latsopano silinandibisire kanthu. Ndinaona mlamu wa mkamwini akuluma mpango. Ndinaona wojambula akuyandikira kumbuyo kwanga. Itafika nthawi yobisa mkwatibwi, anatulutsa atsikana atatu ofunditsidwa nsalu ija kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti akuchimuna aloze wawo. Mkulu wina wa kuchimuna anawazungulira katatu, mapewa akugwedezeka, kenako anapempha madzi akumwa.

Chondimaliza chinali cha azakhali a mnyamata, a NyaGondwe, amene anapuma ntchito ya zaumoyo m'boma. Anapempha maikolofoni n'kunena kuti pa zinkhoswe zonse zimene anapitako sanaonepo banja loganizira za ukhondo ngati lathu. Anati amene anasankha nsaluyi aimirire, anthu amuone. Ndinaimirira. Anthu anaomba m'manja, ena akuimba nthungululu, ine magalasi akuda ali phi kumaso. Kuwerama kuti ndibise nkhope nakonso kunali koletsedwa.

Pambuyo pake ndinamukokera Thoko kuseri kwa tenti. Apa ndiye ndinaiona nkhope ija ndinkaifuna, yowala, kachipsera ka pachibwano kamene ndinali nditakaiwala kali pomwepo, pansi pake kolala ya ntchentche.

"Iwenso, mwana wobala ndekha, osandiuza?"

"Amayi," anatero, "zaka ziwiri aliyense wotchula za maso anu mumamuthamangitsa. Tsiku lija munabwera ndi nsaluyi mukuimba. Ndikanati si maluwa, ndiye kuti ndakuuzani kuti simuona. Ndinati bola ndivale."

Mwana wanga anavala zimbudzi pa tsiku lake lalikulu chifukwa choopa pakamwa pa mayi ake. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Koma musaganize kuti makumi anayi aja ndawakhululukira. Thoko ndi mwana, nanga iwowo, ena a imvi ngati ine, anali ndi chifukwa chanji?

Diso lachiwiri adokotala akuti adzalikonza mwezi wamawa. Ndaitanitsa kale msonkhano wa banja Lamlungu likudzali, ndipo ndawauza kuti aliyense abwere atakonzeka kuulula zonse zimene ndinagula, kupachika pakhoma kapena kuvala zaka ziwiri zapitazi, ndisanazione ndekha ndi maso awiri. Ndalonjeza kuti sindidzakalipa. Esnati wayankha kuti adzakhala pafupi ndi chitseko.