Mmene Ndinaperekezera Kampango ku Boma pa Mthuthuthu

Inu mukuseka kumbuyoko, sekani ndithu, koma mundiyankhe kaye: pamene ine Saidi ndinkakwera mthuthuthu, bambo anu anali ataonapo ngakhale tayala lake? Khalani pansi mumve, ndipo ndikanama lilime ili liume.

Chinali chaka chimene mpunga unachita bwino kuno ku Liwaladzi. M'mawa wina ndinakola kampango wamkulu moti pobwerera kumtunda bwato ndi limene linakwera pansomba. Ndisanapume n'komwe anatulukira a Chimphamba, wapampando wa chipani m'dera lathu, munthu amene akangoyetsemula amayi ankayamba kuvina.

"Che Saidi," anatero, "ku boma kwabwera alendo akuluakulu. Nsombayi ndi mphatso imene mwapereka mwa kufuna kwanu. Ikafike dzuwa lisanafike pamutu, ikupumabe."

Mumtima ndinati ndapereka liti, koma pakamwa panatuluka "Zikomo bwana," chifukwa masiku amenewo munthu ankatha kusowa pankhani ya usipa umodzi, nanji kampango.

A Chimphamba anaitanitsa a Gondwe, mlangizi wa ulimi wochokera kumpoto, yekhayo amene anali ndi mthuthuthu kuyambira kuno mpaka ku Dwangwa. A Gondwe akuti, "Adada, khalani kumbuyoku, mundigwire m'chiuno." Ine, munthu wandevu zanga, kugwira mwamuna mnzanga m'chiuno? Ndinakana. Ndinabereka kampango uja kumsana ngati khanda, n'kukhala mowongoka, manja m'thumba.

A Gondwe ataponda kachitsulo kolizira injini, abale anga, chinthucho chinabangula n'kunyamuka, moti Bisimila amene ndinamuyamba pabwalo la mzikiti anatsala pomwepo akudzimaliza yekha, mphepo inandimeta ndevu mbali imodzi bwinobwino ngati lezala, kofia yanga inauluka n'kukatera pamutu pa munthu wina ku Malengachanzi amene akuivala mpaka lero, ndipo fumbi limene tinabutsa linaphimba dzuwa mpaka nkhuku za midzi isanu zinakalowa m'khola osadya. Mukumva? Titafika pa Bua tinapeza matabwa a mlatho atachotsedwa, a Gondwe akufuna kuima, ine n'kuwakuwira m'khutu kuti pitani, ndiye tinadutsa pamisana ya ng'ona khumi ndi ziwiri zimene zinkaothera dzuwa, kampango atanunkhiza madzi n'kuyamba kupalasa ndi mchira, liwiro n'kuwirikiza, moti chithunzithunzi changa chinalephera kutitsata, chinatsala kutsidya chikuitana.

Pafupi ndi boma anyamata a chipani anali atatchinga msewu ndi mtengo. "Makadi!" Ndinatulutsa langa, a Gondwe lawo. "Nanga mwabereka kumsanayo, khadi lake lili kuti?" Ndinati iyi ndi mphatso ya alendo. Pomwepo onse anaima njo n'kuichitira nsomba sawatcha, wina mpaka kuifunsa ngati yayenda bwino. Koma chithunzithunzi changa chitafika pambuyo, chili wefuwefu, chopanda khadi, anachigwira n'kuchikhazika pansi masiku atatu, ndipo ine ndinayenda m'boma monse wopanda chithunzithunzi mpaka nditachigulira khadi lakelake. Mukuona ngati nthabwala? Onani chipsera ichi pakatumbapa, ndi paipi ya utsi imeneyi, gwirani ndithu.

Tsono apo mayi a kunyumba kwanga, Abiti Juma awo akupeta mpunga pakhondewo, ayamba kale kupukusa mutu. Iwo amauza anthu kuti mthuthuthu unathima tisanafike n'komwe pa Bua, petulo atatha, kuti a Gondwe ndinawakumbatira mpaka nthiti kulira ndikuitana mayi anga, ndiponso kuti njira yotsalayo mthuthuthuwo ndinaukankha ndine, nsomba ili kumsana, dzuwa likuiwotcha, ntchentche zikutiperekeza ngati maliro.

Chabwino, kukankhako ndinakankha, sindikana. Kampango anafikanso atatupa, fungo lake litatsogola. Koma funsani aliyense amene analipo tsiku limenelo ngati panapezeka munthu mmodzi wonena kuti mphatso ya alendo ikununkha. Anaiphika, anaidya yonse misozi ikulengeza m'maso, anaomba m'manja, ndipo mkulu wa alendowo anaimirira atagwira pamimba n'kulengeza kuti nsomba yokoma chotere sanailawepo chibadwire. Ndiye inu mukuti wabodza pano ndine?