Tikiti Yachiwiri ya Tadala

Lolemba
Tadala, mwana wanga, sakudya. Oimba awiri a ku Japan amene amawakonda, mtsikana wa tsitsi lofiira ndi mnyamata woimba limba, alengeza kuti akupatukana. Loweruka aimba komaliza kuno ku London. Tadala ali ndi matikiti awiri, ndipo yachiwiriyo ndikuifuna ine. Chiyambireni chaka chino mwanayu amangondiyankha kuti "fine", ndipo zimandiwawa. Pofika Lachisanu anthuwa ndikhala nditawadziwa ngati abale anga!

Lachiwiri
Ndikuwerenga mbiri yawo pafoni m'sitima ya District line. Zomwe ndapeza: anayamba kuimba panja pa siteshoni, anatchuka ndi nyimbo ya m'makatuni, mnyamatayo salankhula, amangowerama. Mwamuna wotere ndikumudziwa, ndinakwatiwa naye. Ndapitirira potsikira, kuntchito ndachedwa.

Lachitatu
Ndikufunsa Tadala ngati awiriwa alibe ankhoswe. Anthu aimba limodzi kuyambira ali pasukulu, angasiyane popanda wamkulu wowakhazika pansi? "Mum, they're not married!" Watseka chitseko mwamphamvu. Ndiye vuto lake ndi lomwelo, sakwatirana bwanji?

Lachinayi
Ndikuyeserera nyimbo yawo kukhitchini. Mawu sindikuwamva, koma ndaikamo alito wathu wa kukwaya. Bambo ake a Tadala asuzumira: "Kodi kwagwa maliro?"

Lachisanu
Mnzake amene amati apite naye wadwala chimfine. Mulungu andikhululukire, ndavina! Tikiti ndi yanga. Malamulo a Tadala: chitenje ayi, mandasi m'chikwama ayi, kupatsa moni anthu osawadziwa ayi.

Loweruka
Holo yadzaza. Aliyense ali ndi kandodo kowala, onse akugwedezera mbali imodzi, ine ndekha mbali inayo. Tadala wandigwira dzanja kuti andiwongole, ndipo sakulisiya. Mtima wanga myaa!
Nyimbo yomaliza ndi yapansipansi, holo yonse zii. Mtsikana uja akulira. Kenako mnyamata wosalankhula uja akudzuka palimba, akumufungatira. Agwirizana! Kwathu zikatere munthu sukhala chete. Nthungululu yatuluka yokha, yaitali, ya paukwati. Anthu onse cheu! Mtsikana woimbayo waseka mpaka waiwala mawu. Tadala wasiya dzanja langa. Kani amangotsanzikana.
M'sitima yobwerera ku Barking wakhala mpando wakutali.

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, mawu asasa. Akuti nthungululu yanga ili kale pa intaneti, anzake onse aimva. Chabwino, ndalephera. Kandodo kowala ndakaika m'kabati ya masupuni.
Masana Tadala walowa kuchipinda kwanga, nkhope ili gwa. "Next time ndipita ndekha." Ndavomera. Potuluka, waima pakhomo. Wakumbukira kuti ulendo wina kulibe. Wakhala pabedi langa, akulira. Ndamusendera pafupi, pakamwa ndatseka.