Mphuno ya a Hilario ndi Vinyo wa M'tsinde mwa Mapiri

Ku Chiromo kuno aliyense ankadziwa kuti a Hilario Tiyamike samwa chinthu asanachinunkhize. Kaya thobwa, kaya tiyi, ngakhale madzi a pamjigo, inkayamba ndi mphuno. Ankayenda ndi tambula yawoyawo ya kamwendo kamodzi, yokulunga m'sokosi. Anabwera nayo kuchokera kuesiteti ya nzimbe komwe ankaperekera zakudya kunyumba kwa bwana. Kumeneko ndi komwe analawa vinyo wotchedwa Zinfandel, ndipo kuyambira pamenepo tonsefe mtendere unatithera.

Ine ndine Goodwell, ndimafulula vinyo wa masau, ndipo ndinene mosapsatira: vinyo wa ku Amereka ameneyo ndinkamuchitira nsanje ngati wandilanda mkazi. Chomwe ndinkafuna n'chimodzi, kuti a Hilario anene pagulu kuti wanga wakoma. Koma iwo akakhala pansi pa mtengo wa bwemba, nkhani inali ya kutsidya kwa nyanja.

"Kumeneko, m'tsinde mwa mapiri a Kalifoniya, mipesa yake ndi nkhalamba zokhotakhota ngati zala zanga," ankatero. "Masana imapsa ndi dzuwa, usiku imapuma kamphepo ka m'phiri. Ukanunkhiza umamva mabulosi akupsa, kenako tsabola wakuda, kumapeto kafumbi ka mvula yoyamba."

"Nanga wangayu?" ndinafunsa tsiku lina.

Anazunguza tambula, n'kulowetsa mphuno, n'kutseka maso.

"Uyu ndikumva chigubu. Munkasungiramo parafini?"

Anthu anaseka mpaka kugwa pamabenchi. Ine ndinapita kunyumba mtima ukuwira. Ndinati ngati nkhani ndi mabulosi ndi tsabola, zimenezo ngakhale kuno ziliko. Ndinathyola mabulosi a kuseri kwa bafa, n'kusinja tsabola wodzaza dzanja, n'kuponya zonse mu dramu. Tsiku lolawitsa, pabwalo panga panali chifuwa chokhachokha. Msodzi wina anathamangira kumtsinje wa Ruo kukatsuka lilime.

A Hilario anapukuta misozi. "A Goodwell, apa mwaphika ndiwo. Bweretsani mpunga."

Ndiye chaka china mwana wawo Melissa, amene amagwira ntchito mu Blantyre, anawapezera botolo lenileni la vinyo wa ku Amereka uja. Theka la Chiromo linasonkhana. Koma kwathu kuno chakumwa chachilendo sichiyamba ndi amoyo, choncho botolo linaperekedwa kwa a Geresomo, wamkulu wa banjalo, kuti adonthezere makolo. Dzanja la a Geresomo limanjenjemera, komanso makolo awo ndi ambiri. Anayamba kutchula mayina, vinyo akukhuthuka. Atafika kwa azakhali a ku Makhanga, a Hilario anadumpha.

"Nkhabe, ayi mbuya, basi! Anthuwo ankamwa masese, uyu awapweteka mutu!"

"Ndisiye agogo ako aakazi?"

"Anali a mpingo amenewo, sankamwa!"

Wotsalayo tinagawana timadontho. Ine ndinalandira dontho langa ndikupemphera kuti likhale loipa. Kalanga ine! Mabulosi anabwera, tsabola anatsatira mwaulemu, kutentha kunatsika pang'onopang'ono mpaka pachifuwa. Ngakhale kafumbi ka mvula kaja kanalimo. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa mdala uja sankanama.

"Bwanji?" anandifunsa.

"Alibe shuga," ndinayankha.

"Pakamwa panu pakutero, koma maso anu ali ku Kalifoniya."

A Hilario atayamba kudwala miyendo n'kuleka kutuluka, anatuma Melissa kuti ndiwapatsireko wa masau. Chaka chimenecho ndinali nditagula zigubu zatsopano, masau ndinasankha limodzilimodzi. Ndinakhala pamphasa kudikira chigamulo ngati mwana, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Ananunkhiza nthawi yaitali, n'kumwa pang'ono.

"Parafini watha," anatero. "Ndikumva masau, ndi dzuwa la kwathu kuno. Mukuyandikira, m'bale wanga."

"Kuyandikira basi?"

"Mubwerenso ndi wa chaka chamawa."

Sanafike nawo chaka chamawacho. Tinawaika mvula isanayambe.

Masiku ano pansi pa bwemba paja anthu amangogugudiza, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Pyadidi, a Goodwell, wakoma." Ndikanawathirira madzi otsukira mbale akanatero ndithu. Nsanje yanga nayo sinathe. Ndimaganiza za mlimi wina wa m'tsinde mwa mapiri amenewo, amene anatamandidwa zaka zonsezi ndi mphuno yabwino koposa m'chigwa cha Shire, iye osadziwa n'komwe. Ine amene ndinkafuna mawu amodzi okha ndinatsala panjira. Wa chaka chino ndikuona ngati ndafika, koma mu Chiromo monse mulibe munthu woti andiuze.