Kaliyala wa Bwana Anapita ku Maliro

Kawale 2,
Kuseri kwa msika,
Lilongwe.
27 Febuluwale 2006.

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe la Tiwafikire Onse.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada. Ngati muli bwino inu, mayi kunyumba ndi ana, ndiye chisomo. Ine ndilipo, kungoti msana ndi maso, matenda athu owotcherera.

Ndine Kizito Likoswe, mdala uja anakuwotchererani kaliyala pa denga la Landikuluza yanu yoyera. Nkhope simundidziwa, poti galimotoyo anabwera nayo ndi dalaivala wanu, a Leston. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndiye mukaona polakwika mungolambalala ngati chithaphwi. Ndalemba m'nyuzipepala chifukwa ku ofesi kwanu ndafikako katatu. Koyamba mlonda anati muli pa miting'i. Kachiwiri anati muli ku wekishopu. Kachitatu anati muli pa miting'i yokambirana za wekishopu ija. Ine miyendo yanga ndi ya mu 1941, yatopa.

Ndabwera ndi zothokoza, ndipo ndaziika manambala monga mumachitira anthu a mu ofesi.

1. Zikomo pondipatsa ntchito. Ndawotchera makaliyala a njinga, a mabasi, a ngolo, zaka makumi atatu ndi kusefukira. Onsewo anali onyamula chimanga, malata, mbuzi. Wanu ndiye woyamba wonyamula tenti, mipando yopinda, mbaula ya gasi ndi bokosi loziziritsa zakumwa. A Leston atandiuza kuti mukufuna kukagona m'nkhalango ku Dzalanyama, ndinafunsa kuti kodi bwana awathamangitsa m'nyumba? Anati ayi, nyumba ilipo ya zipinda sikisi, amangofuna kukamva mbalame. Ndinangoti chabwino. Ife amene tinagonapo patchire chifukwa basi yafera panjira sitingazimvetse, koma sukulu ndi sukulu.

2. Ntchito ndinaigwira ndi mtima wonse. Galimoto inalowa pa shedi panga Lolemba, katundu wanu yense ali mkati kuti ndiyezerepo. Ndinaika miyendo sikisi yogwira m'mphepete mwa denga, pansi pa mwendo uliwonse ndinayalapo labala wa tayala kuti penti wanu asakalike. Denga sindinaboole ngakhale pamodzi. Kutalika ndinachepetsa dala kuti muzilowa m'galaja osagunda. Magetsi anatizunza, koma Lachiwiri masana ndinali nditamanga bawuti yomaliza, penti wakuda akuuma.

Masana omwewo kunamveka kulira nyumba yachitatu kuchokera panga. A Herbert, mmisiri womanga nyumba wa ku Phalombe, amene tinakhala nawo mu mzere umenewu zaka zambiri, anatisiya. Anasiya mkazi wawo, mayi Zipora, ndi ana anayi.

3. Apa mumvetsetse bwino, Bwana, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Kaliyala sachoka pa shedi panga osayesedwa. Ndi lamulo langa, ndipo n'chifukwa chake palibe amene anabwerapo kudzanditukwana kuti katundu wake anagwera mu Lingadzi. Kuyesa kwake ndimaitana amuna sikisi a mu mzere muno, akwere pamwamba, adumphedumphe. Koma Lachitatu m'mawa amuna onsewo anali ku manda ndi makasu. Ndikanayesa ndi chiyani? Nthawi yomweyo bokosi la a Herbert linali litakonzedwa ku Mchesi, koma panalibe chokalitengera. Nkhuni zinali ku Area 23. Mabenchi anali ku tchalitchi. Ndipo pakati pa anthu olira panali pataima galimoto yaikulu, ya kaliyala watsopano, pachitseko chake patalembedwa zilembo zazikulu kuti TIWAFIKIRE ONSE.

Inu munakulira kumudzi musanapite ku masukulu akunja, ndiye mukudziwa. Galimoto ikaima pafupi ndi maliro imasiya kukhala ya mwini wake mpaka anthu abwere ku manda. A Leston anakana. Anakana kawiri, mpaka thukuta. Anati a Likoswe mundichotsetsa ntchito, bwana wanga amawerenga mita. Ine ndi amene ndinawauza kuti mwana iwe, umenewu si ulendo, ndi mayeso a kaliyala, ukafuna kukamupatsa bwana wako chinthu chosayesa ndiye kamupatse, tenti ikamugwere pa mseu. Ndinakwera kutsogolo ine mwini, a Leston pa chiwongolero. Ngati pali wochimwa, ndi ameneyu akulembayu.

Ndikukondwa kukudziwitsani kuti kaliyala anakhoza. Bokosi linali lopanda kanthu, mayi kunyumba asade nkhawa, malemuwo anakwera lole ya mpingo. Koma pamwamba pake tinasanjikapo nkhuni, ulendo wina mabenchi asanu ndi atatu, tinadutsa m'maenje onse a Kawale osamva ngakhale kuti kwee. Kaliyala wa m'sitolo amene a Leston akuti munkafuna kuitanitsa ku Joni akanapinda pa benchi lachitatu.

4. Zikomo chifukwa cha tenti. Mvula inayamba mwambo uli pakati, ya mwezi uno mukuidziwa. A Leston anati poti tanyowa kale tiyeni tingosamba, anaitulutsa. Pa thumba lake panalembedwa kuti ndi ya anthu anayi. Bwana, anakunamizani. Munalowa agogo naini, ndipo mmodzi anagona tulo. Mipando yanu yopinda anakhalira akulu a mpingo. Mmodzi mpando unamupinda pamodzi ndi Baibulo lake, koma tinamutulutsa wamoyo. Mbaula ya gasi amayi anaikana, ati iphulika. Matumba anu ogonamo a zipi aja palibe anawakhudza. Pa maliro chinthu chotsekera munthu mpaka kumutu sichioneka bwino.

Zonse tinapukuta, kuyanika, kupinda monga tinazipezera. Lachinayi galimoto inabwerera kwanu yotsukidwa mpaka matayala. Lachisanu munapita kukamva mbalame zanu, ndipo simunadziwe kanthu. Ndamva kuti munayamikira kuti kaliyala sanalire njira yonse.

5. Chimene chinatipachika ndi ulemu wathu womwe. Ku manda, mwini mbumba powerenga amene athandiza, anatchula a kwaya, anatchula amayi a mu mzere, kenako anakweza mawu nati bungwe la Tiwafikire Onse latithandiza galimoto, tenti ndi mipando. Anthu anang'ung'udza mokondwa. Mkulu wina anati iye wakhala akuiona galimoto imeneyi ikudutsa pa mseu zaka zinayi, magalasi otseka, amayesa kuti dzinalo ndi la kampani ya matayala, lero ndiye waona kuti limatanthauza zenizeni. Ine ndinayang'ana a Leston, iwo anayang'ana pansi.

Ndiye kwathu kuno munthu akakuthandiza pa maliro sungokhala chete. Lolemba lotsatira, osatiuza ife, mlamu wa malemu ndi amayi awiri a mvano anavala bwino, anakwera minibasi, anafika ku ofesi kwanu ndi nkhuku yathadzi yomanga miyendo. Amenewo ndiye mlonda anawalowetsa, kaya chifukwa cha nkhukuyo. Anagwada pa kapeti wanu, anakuthokozani chimodzichimodzi, bokosi, nkhuni, mabenchi, agogo naini. Akuti munamwetulira, munawagwira chanza, munati ndi ntchito yathu. Iwo asanafike n'komwe pa siteji, a Leston anali atalandidwa makiyi ndi kupatsidwa kalata yoti akhale kunyumba mpaka komiti ikumane.

Nkhukuyo sinapatsidwe kalata. Inatsala.

Tsopano ndi masabata awiri. Komitiyo sindikuidziwa, kaya nayonso ili ku wekishopu. Chimene ndikudziwa ndi choti munthu amene wakuyendetsani zaka naini osagunda ngakhale galu akungokhala pa shedi panga kuyambira m'mawa. Sanditukwana. Bola akananditukwana. Amangokhala pa chitini cha penti n'kumandiyang'ana. Ndinayesa kumupatsa chitsulo kuti andigwirire, anayang'ana moto wowotcherera ndi maso osaphimba, analira misozi masiku awiri. Munthu uyu ntchito yake ndi chiwongolero basi. Kunyumba ali ndi ana asanu, wamkulu akulemba Fomu 4 chaka chino, ndipo mkazi wake wasiya kundipatsa moni. Mayi Zipora sitinawauze za a Leston. Mpaka lero akumakupemphererani pokutchulani udindo wanu wonse.

Ine sindikutsutsa malamulo anu. Ndikudziwa kuti galimoto ya bungwe ndi ya ntchito za bungwe zokha, monga kukamva mbalame. Ndikudziwanso kuti kuthandiza anthu kumafuna fomu, siginecha zitatu ndi wojambula zithunzi, ndipo ife tinathandizidwa mwachisawawa, popanda ngakhale chikwangwani. Pamenepo tinalakwa, pepani. A Herbert sanatipatse notisi.

Pempho langa, Bwana, ndi laling'ono, la munthu wosaphunzira. Abwezereni a Leston ntchito. Chilango chawo mundipatse ine. Mukafuna mundiletse kukuwotchererani chilichonse mpaka kufa, sizitenga nthawi yaitali. Koma ngati komiti ipeze kuti chifundo chija chinachitika molakwika ndipo bungwe silinafune, ndiye chonde musatume kalata. Mubwere nokha mudzawauze mayi Zipora pamaso, ana ali pomwepo, chifukwa ine mawu amenewo pakamwa panga sangatuluke. Kungoti nyumba za kuno zilibe manambala ooneka, ndipo ku ofesi kwanu konse amene akudziwa njira yake ndi munthu mmodzi yekha. Muyambe mwamupatsa makiyi.

Ndine wanu wotsikitsitsa,

Kizito Likoswe,
Wowotcherera mageti, mawindo ndi makaliyala oyesedwa.