Mafoloko a Njinga ya Alamu

Lolemba
Alamu apita ku Karonga, abwera Lamulungu. Andisiyira njinga yamoto ndi lamulo limodzi: "Muzingoiliza m'mawa, osakwera." Ndakwera. Sindinafike n'komwe pamsewu, matope a ku Masasa, pansi khu! Ine ndili bwinobwino, koma tayala likaloza kutsogolo, mahandulo akuloza kumanzere. Ndikukhala m'nyumba mwawo, ndikudya zawo. Akadziwa, njingayi sindidzaikhudzanso, ndipo mlongo wanga adzaiimba nkhaniyi mpaka Khirisimasi. Komabe nthawi ilipo. Nkhani yaing'ono!

Lachiwiri
Wakabaza wa pasiteji akuti apotoka ndi mafoloko, zitsulo ziwiri zija zogwira tayala lakutsogolo. Mankhwala ake: kupana tayala ndi mawondo, n'kupotoza mahandulo. Ndapana, ndapotoza. Zotsatira:
thalauza la kuntchito lang'ambika;
bondo latupa;
njinga ili chiyang'anire kumanzere.

Lachitatu
Mnzanga wa ku ofesi akuti kwawo ku Zomba amangogunditsa tayala pamtengo. Ndagunditsa pamtengo wa mapeyala wa aneba. Galasi phwa! Madigadi yang'aluka. Mapeyala mbwee pansi. Mayi a nyumbayo atuluka ndi beseni: "Yewo chomene adada, mwatithyolera." Sanandipatseko ngakhale limodzi.

Lachinayi
Lero zaukatswiri. Kanema wa pafoni akuti masulani mabawuti, dinikizani kutsogolo kangapo, mumangenso. Ndamasula onse, ndi amene sanatchulidwe omwe. Ndadinikiza. Njinga yagwada ngati mbuzi pamsipu. Bawuti imodzi yagwera m'ngalande. Bandulo yatha kanemayo asananene za kumanga. Mantha andigwira tsopano.

Lachisanu
Kukankha mpaka ku Mzilawaingwe kwa makaniko. Zitunda za mzinda uno anaziika dala! Makaniko wayang'ana njinga, wayang'ana ine. "Mwaichita vichi, bwana?" Ndati inagwa yokha. Waitana mnzake kuti adzamvenso.

Loweruka
Yawongoka! Tayala ndi mahandulo zikumvana. Galasi latsopano, madigadi yomata bwino. Ndaitsuka, ndaiimika pamalo pake penipeni, ndasesa ndi mizere ya matayala pabwalo. Mlongo wanga akufunsa chimene ndikuimbira nyimbo. Ndati thanzi.

Lamulungu
Alamu afika masana. Aizungulira njinga, ayamikira kuwala kwake. Mtima wanga m'malo. Akwera kuti akagule buledi. Pageti pomwepa akhotera kumanja, molunjika mumpanda wa maluwa wa aneba. Adzuka masamba ali kumutu.

"Wawongola njinga yanga ndi njani? Inapotoka kale ku Ekwendeni iyi, manja anga anazolowera!"

Ndiye kuti sabata yonseyi ndakhala ndikukonza ngozi ya eni ake. Mlongo wanga waseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Makiyi alowa m'thumba mwa alamu, ndipo zipi atseka. Mawa ndidzuke msanga, minibasi za m'mawa zimadzaza.